Kufufuta zakale pa Facebook osataya akaunti: zizindikiro za vuto ndi mmene mungakonzere

Ndimathandiza anthu pa nkhani za mafoni kuno ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo sabata siitha ndisanamve dandaulo lomweli: munthu anangofuna kuchotsa zithunzi ndi zolemba zake zakale, koma pomaliza akaunti yonse yapita. Zifukwa zofufutira n'zomveka ndithu. Mnyamata akufunsira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize ndipo sakufuna kuti mabwana aone zithunzi za kumowa za mu 2017. Mtsikana ali pafupi ndi ukwati. Wina wasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Enanso analemba mokwiya pa nthawi ya chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 ndipo tsopano mtima unatsika.

Chimene ndikufuna mugwire musanawerenge zina ndi ichi: kufufuta zakale sikufuna kuti mupatse munthu kapena app ina iliyonse pasiwedi yanu. Zonse zimatheka mkati mwa Facebook, Instagram kapena TikTok momwemo, ndi chala chanu. Anthu ambiri amene ndawaona akulira anataya akaunti pamene ankafunafuna njira yachidule.

Musanafufute kalikonse

Tengani mphindi khumi muone zinthu zitatu izi, chifukwa mavuto ambiri ali m'munsimu amayambira apa.

- Nambala ya foni imene ili pa akaunti ikhale yomwe muli nayo m'manja lero. Imelo nayonso ikhale yoti mutha kuitsegula.
- Sungani zithunzi zimene mudzazifune. Facebook ili ndi malo opempherapo zinthu zanu zonse kuti muzikopere mu foni, koma zimadya mamega ambiri, choncho ngati ndi zithunzi zochepa ingosungani chimodzichimodzi.
- Lembani pasiwedi m'kope la kunyumba. Musaisunge mu meseji ya pafoni yomweyo.

Chizindikiro 1: App kapena tsamba likufuna pasiwedi kuti "lifufute zonse kamodzi"

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye ndikhalitsapo.

Choyambitsa chofala kwambiri ndi app yachinyengo. Imabwera ngati linki pa gulu la WhatsApp, kapena mnzanu amakutumizirani fayilo yake pa Bluetooth. Mukaitsegula imaonetsa tsamba la buluu lofanana ndendende ndi la Facebook, mabokosi awiri, lina la nambala lina la pasiwedi. Mukalemba, zonse zimapita kwa mwini app. Nthawi zambiri imazungulira pang'ono kenako n'kunena kuti netiweki yavuta, inu n'kumaganiza kuti ndi mamega atha.

Chachiwiri ndi meseji yoopseza, yonena kuti zolemba zanu zakale zaphwanya malamulo ndipo akaunti itsekedwa pakatha maola 24 mukapanda kudina linki. Imabwera pa Messenger kapena pa imelo, ili ndi chizindikiro cha kampani. Mantha ndi amene amagwira ntchito pamenepa.

Chachitatu, chimene sichichitika kawirikawiri kwathu kuno, ndi ma app enieni ofufutira zolemba zambiri, makamaka a pa X, imene kale inkatchedwa Twitter, poti kumeneko kulibe batani lofufutira zonse pamodzi. Ma app otere sakufunsani pasiwedi m'bokosi lawo. Amakutumizani ku tsamba la X lenileni kuti mukavomereze chilolezo. Ngakhale zili choncho, chilolezocho chimawalola kulemba ndi kufufuta m'dzina lanu, ndiye mukamaliza ntchito muchichotse tsiku lomwelo.

Fufuzani motere:

- Yang'anani adiresi pamwamba pa tsambalo. Isanafike pa kamzere kopendekeka (/) koyamba iyenera kukhala facebook.com, kapena kuthera pa .facebook.com pali kadontho patsogolo pake, monga m.facebook.com. Ngati pali mawu ena owonjezera pambuyo pake kapena chilembo chasinthidwa, tulukanipo.
- Ngati meseji ikuti yachokera ku Facebook, lowani nokha mu app, pitani pa gawo la pasiwedi ndi chitetezo. Pali mndandanda wa maimelo amene kampaniyo yakutumizirani posachedwa. Ngati mesejiyo mulibe m'menemo, ndi yabodza.
- App imene sinachokere pa Play Store musaipatse chilichonse.

Kukonza kwake: ngati simunalembe pasiwedi, ingochotsani app ija basi. Ngati munalemba kale, sinthani pasiwedi pompano, musadikire kuti muone ngati china chichitike. Kenako tulutsani mafoni ena onse pa akaunti yanu monga ndafotokozera pa chizindikiro 5.

Njira yoyenera yofufutira ndi iyi. Mu Facebook pitani pa zokonzera akaunti, mupeze Activity log, kapena Registo de atividade ngati foni yanu ili mu Chipwitikizi. Sankhani zolemba zanu, mutha kusefa ndi chaka, chongani zimene simukuzifuna, ndipo muzitumize ku bini. Zimakhala m'menemo masiku 30 zisanafufutike kotheratu, kotero mukalakwitsa mutha kubweza. Pa Instagram zilinso chimodzimodzi, masiku 30 pa gawo la zofufutidwa posachedwa. Mayina a mabatani amasinthasintha, ndipo Facebook Lite siionetsa zonse mofanana ndi app yaikulu. Mukasowa batani mu Lite, lowani kudzera pa Chrome polemba nokha adiresi ya Facebook.

Ngati cholinga chanu n'choti alendo asaone zakale, mwina simukufunikanso kufufuta. Pali batani limodzi, Limit past posts, limene limatembenuza zolemba zonse zimene zinali poyera kuti azingoziona anzanu okha. Kwa wofunsira ntchito, ine ndimayambira pamenepo.

Chizindikiro 2: Mwafufuta zambiri, ndiye akaunti yakuimitsani kapena ikufuna mutsimikize kuti ndinu

Kawirikawiri ndi liwiro. Mukafufuta zinthu mazanamazana mosapumira, makina a kampani amaganiza kuti si munthu akuchita zimenezo ndipo amakuimitsani kwa kanthawi. Palibe choopsa. Siyani, gonani, mawa mupitirize pang'onopang'ono. Kuumirira kumangotalikitsa chilangocho. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chotsatira ndi VPN, app imene imadutsitsa intaneti yanu kudzera ku dziko lina. Kumapeto kwa 2024, pamene intaneti ya pafoni ndi masamba a mchezo zinkatsekedwatsekedwa m'dziko muno, ambiri tinaika ma VPN aulere, ndipo ena mpaka lero sanawazimitse. VPN imachititsa kuti muoneke ngati mukulowa muli ku Ulaya pamene dzulo munali ku Tsangano. Onjezani kufufuta kwambiri pamwamba pake, makinawo amaona ngati wakuba akusesa m'nyumba. Zimitsani VPN, lowani ndi foni imene mumagwiritsa ntchito masiku onse. Ngati VPN yake simukudziwa n'komwe amene anaipanga, ichotseni.

Chachitatu ndi kulowa pa foni yachilendo kapena pa kompyuta ya pa malo ojambulitsa mapepala.

Akakufunsani chiphaso, muchitumize pokhapokha ngati pempholo laonekera mkati mwa app imene mwatsegula nokha. BI yanu, chiphaso cha unzika chija, musaitumize kwa munthu pa WhatsApp amene akuti ndi wa ku kampani. Vuto limakula ngati dzina la pa akaunti ndi lopeka, lija la unyamata, losagwirizana ndi la pa BI. Ngati akaunti mukadali nayo, ganizirani zolikonza lero.

Chizindikiro 3: Mwatuluka mu akaunti ndipo manambala otsimikizira sakubwera

Ili ndi vuto lathu lenileni ife a m'malire, ndipo limandipweteka mtima chifukwa nthawi zambiri palibe wakuba aliyense, munthu wadzitsekera yekha panja.

Choyambitsa choyamba: akaunti inatsegulidwa ndi nambala imene munaisiya kalekale. Mwina munali pa Tmcel, nambala yoyamba ndi 82 kapena 83, kenako munasamukira ku Movitel pa 86 kapena 87 poti ndi imene imagwira kumudzi. Foni yakhala ikukulowetsani yokha zaka zonsezi, ndiye simunazindikire. Tsiku limene mwatuluka kapena kuchotsa app poyeretsa foni, manambala akupita ku simu yakufa. Choopsa china n'chakuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imatha kuigulitsa kwa munthu wina, ndipo iyeyo ndi amene azilandira manambala a akaunti yanu.

Chachiwiri: nambala ndi ya ku Malawi. Anthu a ku Calómuè, Zóbuè, Domue ndi midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Dedza ndi Ntcheu ambiri ali ndi masimu a mbali zonse ziwiri. Akaunti inatsegulidwa ndi TNM kapena Airtel pa +265, koma munthu akulemba nambala atasankha +258, kapena ali ku mzinda wa Tete kumene simu ija siigwira.

Chachitatu: akaunti anakutsegulirani wina, mwana wa achimwene kapena mnyamata wa pamsika, ndipo anaikapo nambala kapena imelo yake.

Chachinayi, chaching'ono: netiweki yafooka, malo a mameseji adzaza, kapena mwapempha manambala kambirimbiri motsatizana mpaka makina akuimitsani.

Chitani izi motsatana:

- Pa tsamba la "ndaiwala pasiwedi" amaonetsa manambala omalizira a foni imene akutumizako. Ayerekezeni ndi masimu anu onse, ngakhale aja ali m'chikwama.
- Onani ngati pali foni ina, yakale kapena ya akunyumba, imene akaunti ikadali yotsegula. Ngati ilipo musatulukemo. Onjezerani nambala yatsopano kudzera m'menemo.
- Ngati simu inatayika koma inalembetsedwa m'dzina lanu, pitani ndi BI ku shopu ya kampani mukapemphe segunda via, simu ina ya nambala yomweyo.
- Ngati ndi simu ya ku Malawi, ikani mu foni mukakhala pamalo pamene imagwira, ndipo mukangolowa ikanipo nambala ya kuno.

Mayi wina wogulitsa mbatatesi anabwera ndi foni yosweka galasi, atayikulunga m'kansalu. Ogula ake a ku Tete ankamupeza pa Messenger. Mwana wake anamuuza kuti achotse app n'kuikanso kuti zithunzi zakale zichoke, zomwe si zoona n'komwe, poti zithunzi zimakhala ku makina a kampani osati mu app. Titayang'ana manambala omalizira, anakhala chete kaye, kenako anati, "Imeneyo inali ya malemu bambo a kunyumba." Mwamwayi simu ija inapezeka m'kachitini ka mabatani ndi singano, ikugwirabe. Tinalowa, n'kusintha nambala nthawi yomweyo asanaimirire pa benchi.

Chizindikiro 4: Zimene munafufuta zikuonekabe

Apa mudutse mosadandaula kwambiri, chifukwa kawirikawiri si nkhani ya kubedwa.

- Chithunzicho si chanu. Anaika ndi mnzanu n'kukutchulani. Inu mutha kungochotsa dzina lanu, koma kufufuta ndi kwa mwini wake. Muimbireni.
- Munabisa, simunafufute. Archive, kapena Arquivo, imangosunga pamalo poti muziona nokha.
- Chinapita mbali ziwiri, pa Instagram ndi pa Facebook. Yang'anani konse.
- Muli ndi akaunti ina yakale imene munaiwala. Lembani dzina lanu pofufuzira muone.
- Foni ikuonetsa zimene inasunga kale. Funsani mnzanu ayang'ane pa foni yake.
- Google imachedwa kuchotsa zotsatira zakale ngakhale tsamba lafufutidwa.
- Wina anajambula sikirini. Izi palibe app ingazichotse, ndipo aliyense wolonjeza kuti azichotsa mukamulipira akukunamizani.

Pa WhatsApp, kufufutira onse kumatheka pafupifupi masiku awiri okha kuchokera pamene munatumiza. Zakale kuposa apo zimangochoka mu foni yanu yokha.

Chizindikiro 5: Anzanu akulandira mameseji opempha ndalama m'dzina lanu

Kapena mukuona zolemba zimene simunalembe, anzanu atsopano osawadziwa, dzina kapena chithunzi chasintha. Apa ndiye mufulumire.

Choyambitsa chofala: munalemba pasiwedi mu app kapena linki ya pa chizindikiro 1.

Chachiwiri: munapatsa munthu foni kapena pasiwedi kuti akufufutireni. Sindikunena kuti anyamata onse okonza mafoni ndi akuba, ayi, ambiri ndi anthu abwino amene akungofuna ya ufa. Koma munthu akalowa mu akaunti yanu pa foni yake kapena pa kompyuta yake, khomo limatsala lotsegula mpaka wina alitseke. Foni ija mawa igulitsidwa kapena kubwerekedwa.

Chachitatu: munauza munthu manambala 6 amene anabwera pa meseji. Akathyali amaimba mwaulemu kwambiri, amati alakwitsa nambala, kapena akukulowetsani m'gulu la mpingo kapena la chithandizo cha mbewu. Manambala amenewo ndiwo kiyi wa WhatsApp kapena Facebook yanu.

Chachinayi: pasiwedi imodzi paliponse, kapena yosavuta kulota, monga nambala yanu ya foni kapena dzina la mwana ndi chaka chobadwa.

Pali chinanso chofanana nacho koma chosiyana: wina wangokopera zithunzi zanu n'kutsegula akaunti ina m'dzina lanu. Ngati mu Messenger mwanu mulibe mameseji opemphawo ndipo palibe foni yachilendo yalowa, ndi zimenezo. Inu ndi anzanu muchite lipoti akaunti yabodzayo.

Ngati mukutha kulowabe, tsatirani ndondomeko iyi osadumpha:

1. Sinthani pasiwedi. Ikhale yaitali, mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, ndi manambala pakati.
2. Pa gawo loonetsa kumene akaunti yanu yatsegulidwa, Where you're logged in, tulutsani mafoni onse amene si anu.
3. Onani manambala ndi maimelo a pa akaunti. Chotsani achilendo, apo ayi wakubayo abwereranso mawa.
4. Pa gawo la ma app ndi masamba olumikizidwa, chotsani zonse zimene simukuzidziwa.
5. Yatsani chitetezo cha magawo awiri, chofuna manambala otsimikizira kuwonjezera pa pasiwedi, ndipo manambala osungira amene akupatseni muwalembe m'kope.
6. Sinthaninso pasiwedi ya Gmail, poti amene ali ndi imelo yanu atha kutenganso zonse.
7. Uzani abale kudzera njira ina, kuimba kapena pa gulu la banja, kuti asatumize kalikonse pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh.

Ngati akutsekerani kale panja, lembani facebook.com/hacked pa foni imene mumalowera masiku onse. Yang'ananinso imelo yanu yakale, chifukwa wina akasintha imelo ya pa akaunti, Facebook imatumiza uthenga ku yakaleyo wokhala ndi njira yobwezera. Pa WhatsApp, lembetsaninso nambala yanu. Mukangolowetsa manambala a pa meseji, winayo amatulutsidwa. Ngati anaikapo PIN yake, mudikira masiku 7, koma iye amakhala atatuluka kale.

Chizindikiro 6: Mwapeza kuti zolemba zakale zili ndi zinsinsi zanu

Ambiri amafufuta zithunzi zochititsa manyazi n'kusiya zoopsa zenizeni. Poyenda m'zaka zakale, yang'anitsitsani chithunzi cha BI kapena khadi lovotera limene munaonetsa mosangalala mutangolandira, pepala la NUIT (nambala ya msonkho), khadi la ku banki, satifiketi ya sukulu yokhala ndi tsiku lobadwa ndi mayina a makolo, ndiponso meseji ya M-Pesa yoonetsa ndalama zotsala. Mu Messenger namonso, kodi simunatumizirepo wina pasiwedi kapena PIN?

Kufufuta kokha sikukwanira, chifukwa simudziwa amene anaona kale. PIN kapena pasiwedi iliyonse imene inaonekera, kapena yochokera pa tsiku lobadwa limene lili poyera, isinthidwe. Ngati manambala a khadi la banki anaonekera, kauzeni a banki.

Ndionjezepo za amene amatopa n'kuganiza zongofufuta akaunti yonse. Yambani mwaona ngati tsamba la bizinesi, la kwaya kapena la timu ya mpira silili m'manja mwanu nokha, ndipo ngati lili choncho ikanipo munthu wina wodalirika. Onaninso ma app amene mumalowa kudzera pa Facebook. Mukapempha kufufuta akaunti muli ndi masiku 30 oti musinthe maganizo. Akatha amenewo palibenso wobweza.

Pamene muyenera kusiya n'kupita kwa oyenera

Pali zinthu zimene si za kuyesayesa panokha, ndiponso si za mnyamata wa pamsika ngakhale ine ndemwe.

- Simu yanu yasiya kugwira mwadzidzidzi pamene za anzanu a kampani yomweyo zikugwira. Mwina wina watenga nambala yanu. Pitani ku shopu ya kampani ndi BI tsiku lomwelo, ndipo muwauze atseke kaye chikwama cha ndalama cha pa nambalayo.
- Ndalama zachoka pa foni kapena ku banki. Imbirani kampani kapena banki pa nambala yolembedwa pa khadi kapena pa shopu yawo, osati imene yabwera pa meseji. Kenako kadandauleni ku polisi. Milandu yotere amafufuza ndi a SERNIC.
- Wina akukuopsezani kuti afalitsa zithunzi zanu mukapanda kulipira. Musalipire, ndipo apa musafufute kalikonse, chifukwa mameseji, nambala ndi dzina la akaunti yake ndiwo umboni. Jambulani sikirini, pitani ku polisi. Ngati wokhudzidwa ndi mwana, imbaninso 116, Linha Fala Criança.
- Mwasintha pasiwedi kawiri koma wina akulowabe, kapena foni ikuika ma app yokha. Mwina muli kachilombo mu foni. Ipititseni kwa wokonza wodziwika, wokhala ndi malo ake okhazikika.
- Akaunti ndi ya malemu. Musalimbane ndi kulota pasiwedi yake. Facebook ili ndi fomu imene achibale amapempherapo kuti akaunti isungidwe ngati chikumbutso kapena ichotsedwe.

Mukapita kwa wokonza, khalani pompo, pasiwedi muzilemba nokha atayang'ana kumbali, ndipo simu ndi memori khadi muchotse ngati foni igona kumeneko. Munthu amene akuti ali ndi mnzake wogwira ntchito ku Facebook, kapena akufuna mumutumizire kaye mameticais kuti "abweze" akaunti, musamupatse ngakhale nambala yanu. Mukabwerera kunyumba, tsegulaninso mndandanda uja wa mafoni amene alowa mu akaunti yanu, muone ngati patsala yanu yokha.